Mwala wa lithium niobate wanditsutsa pa nkhani ya doping

Pepani kuti ndakhala chete masabata angapo. Kuchonga mayeso oyeserera a Folomu 4 kunandipanikiza, ndipo mukudziwa kale mmene mulu wa mapepala umakhalira kalasi ikakhala yodzaza mpaka kukhomo. Lero nkhani ndi yaitali pang'ono, ndiye amene bandulo yanu ili kumapeto mundikhululukire.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndakhala ndikulemba pabolodi chaka ndi chaka tikafika pa mutu wa ma semiconductor. Amene munadutsa m'manja mwanga mukuchikumbukira, chifukwa ndinkakulowezetsani ngati vesi la ku Sande sukulu: doping ndi kuthira zodetsa pang'ono mu semiconductor yoyera kuti idutsitse magetsi bwino. Kenako phosphorus apa, boron apo, n-type, p-type, malikisi awiri m'thumba, tapita.

Mwezi watha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, yemwe pano akupitiriza fizikisi kunja, ananditumizira uthenga. Atatha malonje anati: "Aphunzitsi, mundikhululukire, koma tanthauzo lija munatipatsa landichititsa manyazi kuno. Ife timagwiritsa ntchito mwala wa lithium niobate wothiramo magnesium, ndipo cholinga chake n'choti kuwala kwa laser kusamwazike. Za magetsi palibe amene akuzilabadira. Nditanena tanthauzo lanu lija anzanga anangoyang'anana."

Sindibisa, poyamba mtima unawawa. Mwana amene unamuphunzitsa kugwira rula akakuuza kuti unalakwitsa, sumafulumira kuombera m'manja. Koma ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga za mwala umenewu usiku uliwonse ndikatopa ndi kuchonga, ndipo pano ndikuvomera kuti mtsikanayu akunena zoona. Chodabwitsa n'choti tanthauzo langa lija ndinakalipezanso mkati mwa nkhaniyi, litalowera khomo lakuseri. Ndifika pamenepo. Mfundo yanga ndi yoti mmene timaphunzitsira doping timasiya m'mitu ya ana maganizo olakwika, ndipo mbiri ya mwala umodziwu ikuonetsa poyera pamene timaphonya.

Lithium niobate, LiNbO3 kwa inu a kemisitiri, ndi atomu imodzi ya lithium, imodzi ya niobium ndi zitatu za okosijeni. Saukumba pansi, amachita kupanga. Amasungunula ufa wa zinthuzi pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,250, n'kuviikamo kachidutswa ka mwala womwewo, n'kumakakoka pang'onopang'ono kwinaku kakuzungulira, mamilimita ochepa pa ola, mpaka kutuluka chimwala choonekera ngati botolo la galasi. Matthias ndi Remeika a ku Bell Labs ku America anafotokoza za khalidwe lake lamagetsi mu 1949, ndipo mu 1965 Ballman wa komweko anakwanitsa kukoka miyala ikuluikulu mwa njira imeneyi. Refractive index yake ili pakati pa 2.2 ndi 2.3, pamene ya madzi ndi 1.33 ndipo ya galasi wamba ndi 1.5.

Chimene anthu anaukondera ndi ichi: ukauika pakati pa mawaya awiri a magetsi, refractive index yake imasintha motsatira mphamvu ya magetsiwo. Ndiye kuti ukhoza kulamula kuwala pogwiritsa ntchito magetsi, popanda chilichonse chosuntha. Tizipangizo toyatsa ndi kuzimitsa kuwala m'mawaya a fibre maulendo mabiliyoni khumi kapena kuposa pa sekondi imodzi takhala tikupangidwa ndi mwala umenewu kwa zaka zambiri. Umathanso kusintha mtundu wa kuwala: ulowetse kuwala kosaoneka ndi maso kwa 1064 nm, kutsogolo kutuluka kobiriwira kwa 532 nm.

Tsono mu 1966 chimwemwe chija chinasokonekera. Arthur Ashkin ndi anzake ku Bell Labs komweko anaona kuti akalozetsa laser yooneka ndi maso pamwalawu, kadontho kozungulira bwino kamene kamayenera kugwera pakhoma kankasanduka chimzere chomwazika. Uyu ndi Ashkin yemwe uja anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2018 ali ndi zaka 96, ngakhale kuti mphotoyo inali ya ntchito ina. Mwalawo ukauyang'ana ndi maso unali bwinobwino, wosang'aluka, wosapsa. Koma kuwala komweko kunali kutasintha refractive index m'njira imene kunadutsa.

Kuti mumvetse, kumbukirani msewu wa tala mu Okutobala dzuwa lili paliwombo. Galimoto ikubwera patali imaoneka ngati ikuvina, ina ngati ikuyandama pamadzi. Mpweya wa pafupi ndi tala ndi wotentha kuposa wa pamwamba, refractive index yake ndi yosiyana, ndiye kuwala kumapindika mosalongosoka. Zimene zinkachitika m'mwala muja n'zofanana ndi zimenezi, kusiyana kwake n'koti za pamsewu zimatha dzuwa likapendeka, pamene za m'mwala zinkakhalabe ngakhale utazimitsa laser n'kuusunga mumdima masiku ambiri. Zinkafufutika ukautenthetsa kufika madigiri pafupifupi 200. Anazitcha optical damage, ndipo dzinalo likusonyeza mmene anakhumudwira.

Wolakwa anapezeka mu 1971, pamene Peterson, Glass ndi Negran anaonetsa kuti ndi ayironi. Osati wambiri ayi: maatomu ochepa pa miliyoni iliyonse, otsalira mu ufa umene anasungunula. Ayironi ameneyu amakhala m'mwalamo m'mitundu iwiri, Fe2+ ndi Fe3+. Kuwala kukamenya Fe2+, elekitironi imodzi imathothoka n'kuyamba kuyenda. Popeza maatomu a mwalawu anasanjika mopendekera mbali imodzi, kutsogolo ndi kumbuyo kwake sikofanana, ndiye ma elekitironi othothokawo amakankhidwira mbali imodzi kuposa inzake. Akafika pamene palibe kuwala amagwidwa ndi Fe3+ n'kukhazikika pomwepo. Pakapita kanthawi mbali ina yadzaza negative, ina yatsala positive, ndipo mkati mwa mwala mwabadwa mphamvu ya magetsi yoopsa, yotha kufika ma volt masauzande makumi angapo pa sentimita imodzi. Nanga si tanena kale kuti mwalawu umasintha refractive index ukamva magetsi? Basi, wadzipweteka wokha ndi luso lake lomwe.

Apa mwana wanga wa Folomu 4 anganene kuti, mwaona aphunzitsi, zodetsa n'zoipa, achotse ayironiyo nkhani ithe. Koma taonani zimene zinachitika. Mu 1968, wolakwa asanadziwike n'komwe, F. S. Chen ndi anzake awiri, LaMacchia ndi Fraser, anaganiza kuti ngati kuwala kukusiya chizindikiro chokhalitsa m'mwala, ndiye kuti mwalawo ukukumbukira. Anakumanitsa kuwala kwa laser kochokera mbali ziwiri mkati mwake n'kujambulamo hologram. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ofufuza a kampani ya RCA, Amodei, Staebler ndi Phillips, anayamba kuthiramo ayironi mwadala kuti mwalawo uzikumbukira msanga. Mwala wothira ayironi umasiya kuonekera ngati madzi, umakhala wofiirira, chifukwa Fe2+ amameza kuwala kwa buluu ndi kobiriwira. Mu 1993 Fai Mok anasunga ma hologram 5,000 m'kamwala kamodzi pongosinthasintha ngodya imene kuwala kukulowera.

Vuto linali loti kuwala kowerengera kumathothonso ma elekitironi omwe aja, ndiye ukamawerenga ukufufutanso, ngati mwana wowerenga pabolodi akutsatira ndi chala chonyowa. Njira imodzi inali kutenthetsa mwalawo kupitirira madigiri 100 kuti ma ion a hydrogen asunthe n'kukopera chithunzicho, kenako n'kuuziziritsa kuti asasunthenso. Ina inabwera mu 1998, pamene Buse, Adibi ndi Psaltis ku Caltech anathira zinthu ziwiri, ayironi ndi manganese. Manganese amagwira elekitironi mwamphamvu moti kuwala kofiira sikungaichotse. Polemba ankagwiritsa ntchito kuwala kofiira pamodzi ndi ultraviolet, powerenga kofiira kokha, ndipo zolembazo zinkatsala. Kunena zoona, kusunga zinthu mwa njira imeneyi sikunafike m'mashopu. Ma hard disk ndi ma flash anatchipa mofulumira n'kulanda msika. Koma mfundo ija yaoneka: atomu yomweyomweyo, m'mwala womwewo, kwa wopanga laser yobiriwira ndi mdani, kwa wosunga zithunzi ndi inki yolembera. Mawu oti zodetsa akutithandiza chiyani pamenepa?

Tsopano tifike pa magnesium wa mtsikana uja, chifukwa ndi pamene ndinakhalitsa, ndipo ndi pamene ndinadzimvera chisoni kuti zaka zonsezi sindinkadziwa.

Choyamba, mwala umene timautcha woyera uja si wangwiro ngakhale utachotsamo ayironi yense. Pa pepala lithium ndi niobium amayenera kukhala ofanana, 50 kwa 50. Koma kuti mwala ukule wofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, amaukoka kuchokera mu msuzi woperewera lithium, ndipo umatuluka ndi lithium pafupifupi 48.5 pa 100 alionse. Ganizirani kalasi ya mizere iwiri ya madesiki, mzere wa lithium ndi mzere wa niobium. A lithium ena sanabwere, ndiye a niobium ena akakhala pa madesiki a eni. Koma lithium ali ndi chaji ya +1 pamene niobium ali ndi +5. Niobium mmodzi akakhala pa desiki ya lithium wabweretsa +4 yoonjezera, ndipo kuti masamu a chaji abwerere pa ziro, madesiki ena anayi a lithium ayenera kukhala opanda munthu. Zotsatira zake, pa madesiki 100 alionse a lithium, pafupifupi imodzi pakhala niobium wosochera ndipo pafupifupi anayi ali pululu. A niobium osocherawa nawonso ndi misampha ya ma elekitironi, monganso Fe3+ amene amakhala mu mzere womwewo wa lithium.

Mu 1980 ofufuza a ku China, Zhong ndi anzake, analengeza kuti akathira magnesium oxide wopitirira pafupifupi 4.6 peresenti, mwalawo umapirira kuwala kwamphamvu kuwirikiza pafupifupi ka 100. Chonditenga mtima si nambala ya 100 ayi, koma mawu oti wopitirira. Ukathira 2 peresenti, kusintha kwake n'kochepa. Ukathira 4, n'kochepabe. Ukangodumpha malire aja, zinthu zimatembenuka. N'chifukwa chake amalonda amagulitsa mwala wa 5 peresenti.

Kafotokozedwe kamene akatswiri ambiri amavomereza ndi aka. Magnesium akalowa amapita pa madesiki a lithium n'kumathamangitsa a niobium osochera aja mmodzimmodzi. Pa nthawi yonseyi zili ngati munthu amene akubweza ngongole ya katapila: ndalama ikutuluka mwezi ndi mwezi, koma pakhomo sipakuoneka kusintha. Osochera aja akatha, ngongole yatha. Magnesium wotsatira amayamba kulowanso mu mzere wa niobium, ndipo Fe3+ naye amasamukira mu mzere wa niobium womwewo. Tsono chitani masamu a Folomu 1 awa. Fe3+ pa desiki ya lithium: 3 kuchotsa 1, yatsala +2, ndiye amakoka elekitironi iliyonse yodutsa. Fe3+ yemweyo pa desiki ya niobium: 3 kuchotsa 5, yatsala −2, ndiye elekitironi ikamadutsa alibe nayo ntchito. Ayironi sanachoke m'mwalamo. Wangosintha pokhala, ndipo msampha waphwasuka.

Nditafika apa ndinaimirira n'kuyenda uku ndi uku m'chipinda, mayi a kunyumba mpaka anafunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

Ndipo pali china. Mu 1984 Bryan, Gerson ndi Tomaschke ku America anayeza kuti aone chimene chasintha kwenikweni. Anapeza kuti kukankhidwa kwa ma elekitironi ndi kuwala kuja sikunasinthe kwambiri. Chimene chinakwera zedi ndi kuthekera kwa mwalawo kudutsitsa magetsi pamene ukuwalidwa, chifukwa misampha itachepa ma elekitironi amayenda momasuka, ndiye chaji siunjikana, imabwerera. Anzanga, ili ndi lamulo la Ohm, V = IR, lomwe lija timaphunzitsa ndi mabatire awiri ndi babu. I ndi yomweyo, R yatsika ka 100, ndiye V yatsika ka 100, ndipo refractive index yatsala pamalo pake. Apa ndi pamene tanthauzo langa la pabolodi linalowera khomo lakuseri: magnesium amathandizadi kuti mwala udutsitse magetsi. Ndinamulembera mtsikana uja zimenezi monyadira pang'ono. Anandiyankha kuti, "Zoona aphunzitsi, koma inu simunatiuze chifukwa chake." Pamenepo ndinalibe poyankha.

Mwina wina afunsa kuti, adziwa bwanji kuti maatomu asintha pokhala, poti palibe amene anawaona ndi maso? Umboni umodzi ndi wokongola. M'mwala uliwonse wotere mumatsalira hydrogen pang'ono womatirira ku okosijeni, ndipo amameza kuwala kwa infrared pa 2.87 micron. Magnesium akangodumpha malire aja, pomezera pamasuntha kufika pa 2.83 micron, chifukwa hydrogen uja wapeza anansi atsopano. Opanga miyalayi amayeza pamenepa kuti adziwe ngati athira wokwanira. Umboni wina ndi woti kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 gulu la Kitamura ku Japan litakulitsa miyala imene lithium wake ali pafupi kwambiri ndi 50, magnesium wofunika anatsika kufika pafupifupi 1 peresenti. Ngongole ikakhala yochepa, imathanso msanga. Kafotokozedwe kakalosera chinthu n'kuchitikadi, ine ndimakakhulupirira.

Si magnesium yekha. Mu 1990 Tatyana Volk ndi anzake ku Moscow anaonetsa kuti zinc amachitanso zomwezo, kungoti amafunika wochulukirapo pang'ono. Mu 2007 a ku yunivesite ya Nankai ku China anaonetsa kuti zirconium amakwanira pa 2 peresenti yokha. Ndipo kuti wina asathamangire kunena kuti magnesium ndi mankhwala a matenda onse, a ku Nankai komweko anapeza mu 2000 kuti ukagwiritsa ntchito kuwala kwa ultraviolet, mwala wa magnesium wambiri ndi umene umasokonekera kwambiri kuposa wopanda magnesium. Ndiye ngakhale funso loti kodi magnesium amathandiza lilibe yankho mpaka utanena mtundu wa kuwala.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Kuyambira 1974, pamene Schmidt ndi Kaminow anaonetsa njirayi, anthu amajambula timizere ta titanium pamwamba pa mwalawu n'kuuotcha pa madigiri pafupifupi 1,000 kuti titanium alowe. Pamene walowapo refractive index imakwera pang'ono, ndipo kuwala kumatsata kamzereko ngati madzi mu ngalande. Erbium akathiridwa, mwalawo umatulutsa kuwala kwa pafupi ndi 1550 nm kumene mawaya a fibre amagwiritsa ntchito. Ndipo amene muli ndi ka laser kobiriwira kolozera pabolodi musathamangire kukaphwasula kuti muone lithium niobate: totchipa tambiri timagwiritsa ntchito mwala wina wotchedwa KTP.

Nditafotokoza zonsezi mu stafurumu, mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi sayansi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Akulu, nkhani yanu ndi yokoma, koma pa MSCE safunsa zimenezo. Silabasi sitinamalize, ana ena sadziwa kusiyanitsa series ndi parallel, inu mukufuna muwasenzetse niobium?" Sindingamunyoze, chifukwa akunena zimene tonse timakumana nazo. Mwana amene walephera fizikisi chifukwa mphunzitsi wake ankakamba za ma hologram sadzandithokoza. Mwalawo tilibe, laser yamphamvu tilibe, ndipo ndikudziwa kuti kwa mwana wofooka, tanthauzo lalifupi loloweza ndi chingwe chimene amagwira kuti asamire. Sindikunena kuti tilitaye. Pa mayeso alembe lomwelo, alandire malikisi ake.

Koma ndinachita kayeso kakang'ono kamene kanandiopsa. Ndinauza kalasi langa la Folomu 4 kuti pali mwala umene ukathiramo magnesium 5 peresenti umapirira kuwala kuwirikiza ka 100. Kenako ndinafunsa kuti, nanga tikathira 2.5? Manja anakwera ambiri, ngakhale a ana amene sakweza dzanja chaka chonse, ndipo onse anati ka 50. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, kodi aphunzitsi, magnesium ameneyo akukachita chiyani m'katimo? Ndipo sindingawadzudzule. Kuyambira Folomu 1 tawadyetsa ma graph a mzere woongoka okhaokha: Hooke mzere woongoka, Ohm mzere woongoka, ukawirikiza ichi chinacho chiwirikizanso. Tawaphunzitsa kuti dziko lonse limayenda mwa cross multiplication. Chonsecho akakhala kunyumba amadziwa bwino kuti madzi a pamoto sawira theka pa madigiri 50, ndipo kuti feteleza ukamuwirikiza kanayi chimanga sichibereka kanayi, chimapsa. Nzeru imeneyi amaisiya pakhomo la kalasi chifukwa ife sitinaiitanepo kuti ilowe.

Kulakwa kwina kuli pa mawu oti yoyera ndi zodetsa. Mwana akamva mawu amenewa amajambula m'mutu mwake chinthu changwiro chimene chathiridwa litsiro, ngati madzi a pamjigo ogweramo dothi. Akatero sangafunse funso lenileni, loti atomu yachilendoyo yakhala pa malo a ndani, ndipo chaji yake ikusiyana bwanji ndi ya mwini malo. Komatu funso limeneli ndi lomwenso limafotokoza silicon wa m'silabasi mwathu. Phosphorus amapereka elekitironi chifukwa ali ndi zisanu kunja ndipo wakhala pa malo a atomu ya zinayi: 5 kuchotsa 4. Boron, 3 kuchotsa 4. Ndi masamu omwe aja a Fe3+. Mwana amene wagwira funsoli safunika kuloweza kuti n-type ndi iti, akhoza kuipeza yekha ali m'chipinda cha mayeso. Ndiye kwa mnzanga uja ndikuti, mphindi khumi zimene ndikupemphazi zikhoza kumubwezera malikisi m'malo momulanda.

Ndipo ngati niobium akumveka wakutali, chitsanzo cha doping yosintha kuwala tili nacho pakhomo. Ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kumapezeka ruby ndi sapphire. Miyala iwiriyi ndi chinthu chimodzi, aluminium oxide, imene payokha ilibe mtundu. Chromium pang'ono akakhala pa malo a aluminium, mwala umafiira n'kukhala ruby. Ayironi ndi titanium akalowa limodzi, umakhala wabuluu. Laser yoyamba padziko lonse, imene Theodore Maiman anayatsa mu 1960, inali ya ruby wochita kupanga, ndipo kuwalako kunkachokera kwa chromium, mlendo uja, osati kwa eni nyumba. Ine ndaphunzitsa doping zaka zonsezi osatchulapo Ntcheu ngakhale kamodzi. Manyazi ake ndi amenewo.

Niobium naye si mlendo kwenikweni kwathu kuno. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium, ndipo chilolezo cha mgodi chinaperekedwa mu 2021. Koma tisanamize ana kuti tikangokumba ndiye kuti tayamba kupanga zipangizo za intaneti. Niobium wambiri padziko amachokera ku Brazil, ndipo wochuluka amathera mu zitsulo zolimba zomangira milatho, mapaipi ndi magalimoto. Wopita ku miyala ya laser ndi wochepa, ndipo ayenera kuyengedwa mpaka ayironi atatsala maatomu owerengeka pa miliyoni. Mtengo weniweni uli pa kuyenga kumeneko ndi pa kudziwa choti uthiremo pambuyo pake. Ngati mwa ana amene tikuwaphunzitsa lero mudzatuluke oti akagwire ntchito yoteroyo, adzayambira pa funso lija la desiki ya ndani, osati pa chiganizo changa choloweza.

Teremu ikubwerayi ndikafika pa mutuwu ndidzalembabe chiganizo chakale chija, ndipo ndidzawauza kuti ichi n'cha mayeso. Pansi pake ndidzajambula mizere iwiri ya madesiki, ndipo tidzachita sewero: ana khumi a lithium, khumi a niobium, wina wamtali akakhale pa desiki ya eni, anayi atuluke panja, kenako a magnesium alowe mmodzimmodzi. Ndikudziwa kuti padzakhala phokoso ndipo a kalasi loyandikana adzadandaula. Chimene chikundisowabe ndi liwu la Chichewa loti ndizinena m'malo mwa zodetsa. Ndayesa zokometsera, koma likumveka ngati tili kukhitchini, ndiponso ayironi uja sakometsa nthawi zonse. Pakadali pano ndikuti mlendo, poti mlendo amatha kukhala wabwino kapena woipa malinga ndi pamene wamukhazika. Aphunzitsi anzanga amene muli ndi liwu loposa limeneli, makamaka inu a Chichewa amene mumatiseka tikamaphatikiza zilankhulo pabolodi, ndithandizeni.

Mtsikana uja wati akabwera ku tchuthi adzapempha akuluakulu a labotale yawo kuti amupatse kachidutswa kobenthuka kamene sakukagwiritsanso ntchito. Anandifunsa ngati ndikufuna ka magnesium kapena ka ayironi. Ndamuuza kuti abweretse ka ayironi, kofiirira kaja, chifukwa ka magnesium kamangooneka ngati galasi la pawindo ndipo ana a kumbuyo adzati ndawanamiza.